Injini ya Abiti Utsi

Che Sumani ananena mawuwo Lamlungu m'mawa ali pakhonde la nyumba yawo ku Liwonde, miyendo yawo yotupa ili m'beseni la madzi ofunda.

"Chaka chino ndipita kumudzi mvula isanathe. Galimoto ikhale yokonzeka."

Mwana wawo Sadiki anali pamkeka chapafupi, akuchonga mayeso a masamu a Fomu 3. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana pansi pa mtengo wa mango pomwe galimotoyo inkagona. Inali Landi Kuluza yakalekale, yamkulu kuposa iye mwini. Kwa zaka makumi atatu inanyamula matemba ndi mpunga kuchokera kuseri kwa Mposa kupita kumisika ya ku Liwonde ndi ku Balaka. Anthu a m'njira ankaitcha Abiti Utsi, chifukwa ikadutsa pamudzi amayi ankathamangira kukaanula zovala. Mafuta inkamwa mwaulemu, koma oyilo inkamwa ngati tiyi wa pamaliro. M'mawa siinkadzuka popanda amuna anayi oikankha.

Kwawo kwa Che Sumani kunali kutsidya kwa dambo lalikulu. Nthawi ya dzinja minibasi zinkathera pasitolo ya pamphambano, ndipo kuchokera pamenepo kunkapita wapansi, wanjinga wolimba mtima, kapena galimoto yokoka ndi matayala onse anayi. Umu munali mu Febuluwale.

Sadiki anaphunzira masamu kuyunivesite, ndipo chilichonse chimene wamva ankachiika ngati funso la pa bolodi. Ili linali losavuta. Bambo angotuluka kumene m'chipatala. Msewu ndi matope okhaokha. Injini ndi nkhalamba yomwe ingathe kufera pakati pa dambo, wodwala ali m'kati. Yankho lake mwana wa Fomu 1 akanalipeza: sintha injini. Analipeza m'mphindi ziwiri, ndipo anakondwera nalo mpaka anam'patsa malikisi aulere mwana wina yemwe analakwitsa funso lachitatu.

Injini anali ataiona kale. Inali kugalaja ya a Pitala ku Balaka, yochotsedwa m'galimoto yatsopanoko yomwe inagubuduka n'kuphwanyika thupi lonse, injini yokha n'kutsala yamoyo. Madzulo amenewo anafufuza pafoni, nawerenga zomwe analemba anthu a kumayiko akutali amene anachitapo ntchito yomweyo. Onse ankati injini imeneyo imalowa m'Kuluza yakale ngati phazi m'nsapato yake. Anagulitsa njinga yake yamoto kwa mphunzitsi mnzake, napangana ndi a Pitala kuti injini yakaleyo atsala nayo iwo. Bambo ake sanawauze. Ankafuna kuti adzangomva okha kulira kwatsopano pabwalo. Lolemba anati akukathiritsa oyilo, anyamata a kabaza anaikankha, Abiti Utsi n'kuwoloka Shire ikufuka.

Galaja ya a Pitala inali bwalo chabe, lokhala ndi mitengo itatu yachitsulo yomangidwa pamwamba, pomwe pankalendewera tcheni chokwezera injini. A Pitala anali munthu wamkulu thupi, wa ovolosi yopanda mabatani. Anaizungulira galimotoyo kawiri akuisisita.

"Aphunzitsi, mwini wake akudziwa?"

"Adziwa ikafika."

"Iii. Kuchipatala mkazi wa mwini samung'amba pamimba mwamuna wake asanasaine."

"Mwasanduka dokotala liti, a Pitala?"

"Ine ndine dokotala kuyambira inu mukuyamwa. Odwala anga akafa sanunkha, basi." Anatsegula boneti, nasuzumira kwa nthawi. "Che Sumani galimoto iyi salola munthu kuigwira. Ine ndinangoikhudzapo kamodzi, ndipo anaima kumbuyo kwangaku akuwerenga mabawuti. Mwatsimikiza?"

"Masiku angati?"

"Atatu. Lachinayi muzikaimba nyimbo pamsewu."

Lachiwiri injini yakale inatuluka. Inakwera m'mwamba pang'onopang'ono ikudontha oyilo wakuda, mawaya akulendewera. Sadiki anaijambula pafoni. Lachitatu kunabwera bambo wina wa ku Nkaya, a Trust, amene ankafuna injini yoyendetsera chigayo chawo chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Anagula yakale ija, naikweza palole n'kupita nayo. Sadiki anathandiza nawo kumanga zingwe.

Lachinayi masana anatsitsira injini yatsopano m'malo mwake. Inali yoyera, ya mapaipi onyezimira. Inatsika bwinobwino mpaka pomwe imayenera kukumana ndi giyabokosi, ndipo pamenepo a Pitala analowa pansi ndi tochi. Anakhalako nthawi yaitali akuwunika. Kenako anatulutsa mutu.

"Aphunzitsi, bwerani mudzawerenge. Inu ndi a masamu."

Sadiki anagona chagada pakatoni, nalowa. Injini ndi giyabokosi zimamangidwa pamodzi ndi mabawuti asanu ndi atatu. Mabowo a mbali iyi ayenera kuyang'anana ndi a mbali inayo. Atatu ankayang'anana. Asanu otsalawo ankaphonyana, lina ndi chala chimodzi, lina ndi zala ziwiri.

"Foni yanu ija inati chiyani?"

"Inati zimagwirizana."

"Iuzeni ibwere idzamange."

"Mwina sitinaikhazike bwino. Tiikwezenso."

"Tingaikweze mpaka Yesu adzabwere, pepani, mpaka onse awiri ndi Mtumiki wanu adzabwere. Taonani apa." A Pitala anapala dothi ndi sipana pambali pa giyabokosi, pakuoneka manambala. "Iyi si giyabokosi yake ya galimoto ino. Bambo anu anaisintha kalekale. Anachotsa kwina, n'kuboola okha mabowo kuti igwirizane ndi injini yawo ija. Azungu anu a pafoniwo anali asanakumane ndi Che Sumani."

Njira inalipo. Pankafunika chitsulo chochindikala, chodulidwa mozungulira, chokhala ndi mabowo a mbali zonse ziwiri, kuti chikhale pakati. Makina odulira chitsulo chotere ku Balaka kunalibe. A Pitala ankadziwa munthu ku Limbe. Akatumiza miyeso lero, chitsulo chikanabwera sabata yamawa.

Sadiki sanade nkhawa kwambiri. Sabata imodzi si kanthu, mvula inali ikadalipo mpaka Epulo. Anakwera minibasi kubwerera ku Liwonde akuganizira za mabowowo, ndipo kunena zoona funsoli linkamusangalatsa.

Anapeza mchemwali wake wamkulu, Ramla, akuchapa zofunda za bambo awo kuseri kwa nyumba. Ramla anasiya geni yake ya zitenje kumsika mwezi wathawo kuti aziwasamala, poti mayi awo anamwalira zaka zisanu zapitazo.

"Oyilo wake ndi wa masiku anayi?" anafunsa osatembenuka.

Sadiki anafotokoza zonse, monyadira pang'ono. Ananena za injini yonyezimira, za mabowo atatu ndi asanu, za munthu wa ku Limbe. Ramla anasiya kuchapa. Anapukuta manja pachitenje, namuyang'ana ngati akuyang'ana mlendo.

"Injini yakale ili kuti?"

"Inapita ku Nkaya."

"Ndiye galimoto panopa ilibe kanthu m'kati?"

"Kwa sabata imodzi yokha, achemwali. Ababa anati ikhale yokonzeka."

"Anati yokonzeka. Sanati yokonzedwa. Zaka zinayi kuyunivesite, mawu awiri amenewa sunawaphunzire?"

"N'chimodzimodzi."

"Iyayi. Galimoto ija inali yokonzeka. Imafuka, imatsokomola, koma imafika. Inali ndi mafuta odzaza, ndinathira ndine Loweruka. Iwe ukuganiza kuti kuchipatala anawatulutsa chifukwa achira?"

Sadiki ankaganizadi choncho.

"Adokotala anandiitanira pambali. Anati mtima watopa, palibenso choti achite, tipite nawo kunyumba. Ndinakuuza kuti mankhwala awasiyitsa, iwe unati alhamdulillah." Ramla anatsitsa mawu chifukwa zenera la chipinda cha bambo awo linali lotsegula. "Sanda anandituma kale kukagula. Nsalu yoyera yowakulungira, mamita ake onse, ili m'sutikesi pansi pa bedi. Munthu wamkulu akati ndipita kumudzi, iwe umamva kuti akukadya mango? Akufuna akafike ali moyo, akaone azakhali a Mwanaidi, akagone pambali pa amayi awo. Amadikira kuti sukulu yako itseke Lachisanu kuti uwayendetse Loweruka. Mkucha uno."

"Bwanji simunandiuze poyera?"

"Zimenezi amanena poyera? Aliyense pano anamva. A Shehe anamva. Ngakhale mayi wogulitsa makala uja anamva, anabwera kudzatsanzika. Wosamva ndiwe wekha, wanzeru."

M'mawa mwake Sadiki analowa m'chipinda cha bambo ake asanapite kusukulu. Che Sumani anali atatsamira mapilo atatu, chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Anali atamva kale zonse kwa Ramla. Sadiki anagwada pafupi ndi bedi akudikira kukalipiridwa, ndipo akanakonda kukalipiridwa.

"Akuti wamuchotsa mtima mayi uja."

"Ababa, ndinalakwitsa. Ndimayesa..."

"Mabowo angati agwirizana?"

"Atatu."

"Atatu!" Che Sumani anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Sadiki anawamwetsa madzi. "Ndiye uli ndi mwayi. Ine ulendo uja anagwirizana awiri. Giyabokosi imeneyo ndinaichotsa m'galimoto ya amishoni yomwe inapsa, iwe uli kumsana kwa mayi ako. Ndinaboola ndi dzanja masiku asanu ndi limodzi. Pitala akuti atani?"

"Chitsulo chapakati. Achidula ku Limbe."

"Ali bwino Pitala, pakamwa pokha ndiye pachuluka. Umuuze kuti chisachepere chala changa ichi kuchindikala. Ndipo ayeze kamtengo ka kilatchi, kadzafupika. Bweretsa pepala."

Sadiki anang'amba tsamba m'kope la mwana wasukulu. Bambo ake anajambula bwalo, naika timadontho m'mphepete, nalemba miyeso yomwe anaisunga m'mutu zaka zonsezo. Maso awo anawala monga sanawalire chibwerere kuchipatala.

"Imalira bwanji yatsopanoyo?"

"Sindinaimve, Ababa. Ndinaipeza ili pansi."

"Wafunsira mkazi wosamumva mawu?" Anapukusa mutu akumwetulira. Kenako anatseka maso. "Pita. Ufulumire, koma mabawuti usamange mothamanga. Pa dambo paja sipafuna bawuti lolira."

"Ndifuna galimoto ina, Ababa. Tipite mawa lomwe monga munakonzera."

"Ukaipeza, tipita."

Sanaipeze. Tsiku lonse la Lachisanu, atapempha mnzake kuti amugwirire makalasi, anayenda m'tauni yonse. Magalimoto otere ku Liwonde ambiri ndi a mabungwe, ndipo madalaivala ake ankamumvera chisoni kenako n'kunena za makalata ndi mabwana a ku Lilongwe. Wamalonda wina anali nayo, koma inali itapita kumalire kukatenga katundu. Wina anavomera, koma atamva dzina la mudziwo anabweza mawu. Anati pa dambo limenelo lole ya feteleza yakhala sabata yathunthu, matayala osaoneka. Njinga yamoto inalipo paliponse, koma munthu wolephera kukhala tsonga pabedi sangakwere njinga. Ngolo ya ng'ombe ikanatenga tsiku lonse padzuwa ndi pamvula.

Loweruka anapita ku Nkaya kukapempha injini yakale. Chigayo cha a Trust anachipeza mosafunsa munthu, chifukwa utsi ankaudziwa. Unkatuluka pa paipi yoboola khoma, wakuda bii, ndipo amayi omwe anali pamzere ndi matumba awo anali atafunda zitenje kumaso. M'kati injini ya bambo ake inali itakhazikidwa pasimenti, ikupota lamba wamkulu, ikutsokomola monga mwa masiku onse.

A Trust anali munthu wabwino. Atamva nkhaniyo anavula chipewa chawo choyera ndi ufa. "Tengani, achimwene. Bambo ndi bambo. Koma taonani kaye." Miyendo yachitsulo yomwe injiniyo inkakhalira m'galimoto anali ataidula. Kumbuyo, pomwe pankagwira kilatchi, anali atawotchererapo gudumu la lamba.

Sadiki anaimbira a Pitala n'kuwafotokozera.

"Awotcherera? Basi, aphunzitsi, isiyeni igaye. Kuibweza mmene inalili ndi sabata inanso, mwinanso kuposa. Tidikire chitsulo."

Anaima panja pa chigayocho kanthawi, utsi ukumulowa m'maso. Mayi wina anamufunsa ngati ali pamzere.

Chitsulo chinafika Lachiwiri pabasi, chokulungidwa m'thumba la simenti. Mabowo onse anagwirizana, ndipo kamtengo ka kilatchi kanafupikadi monga ananenera Che Sumani, koma a Pitala anali atakonzeratu. Chotsatira chinali kuwotcherera miyendo yatsopano yokhazikapo injini. Magetsi anazima Lachiwiri lomwelo masana. Lachitatu lonse sanayake. A Pitala anayenda Balaka yense kufuna jenereta yamphamvu yowotcherera, ndipo yomwe anaipeza inali yopanda mafuta, pomwe pamalo omwetsera mafuta panali mzere wofika kumsika. Sadiki ankapita ku Balaka m'mawa uliwonse n'kubwerera madzulo. Bambo ake anali atasiya kudya. Akalowa m'chipinda ankangotsegula maso n'kufunsa ndi nsidze, iye n'kunena kuti zatsala pang'ono.

Magetsi anayaka Lachinayi m'mawa. Cha m'ma teni koloko Sadiki anali pansi pa galimoto atagwira bawuti ndi sipana, a Pitala akumanga pamwamba, pamene foni inalira m'thumba. Anali Ramla. Sanalankhule zambiri.

"Inna lillahi. Ababa atisiya. Bwera."

Sadiki anapitiriza kugwira bawutilo mpaka a Pitala anamaliza kumanga, chifukwa akanalisiya likanagwa. Kenako anatuluka n'kukhala pansi padothi. A Pitala anamuyang'ana nkhope, naika sipana pansi.

"A Pitala, ingayende lero?"

"Aphunzitsi..."

"Ababa sanafike ali moyo. Koma akagone kwawo. Ingayende lero?"

"Mapaipi a mafuta sitinalumikize. Mawaya onse. Radiyeta ikufunika kusunthidwa. Paipi ya utsi. Ngakhale nditaitana amakanika onse a m'Balaka muno, ndi akazi awo omwe, lero siiyenda. Loweruka, Mulungu akalola." Anapukuta manja ndi nsanza kwa nthawi yaitali. "Ndikanakukanizani tsiku lija. Ndinaona injini yabwino, manja anandiyabwa."

Pomwe Sadiki ankafika ku Liwonde, pabwalo panali patadzaza kale. Amuna anali pansi pa mango, pamalo pomwe pankagona galimoto, ena atakhala mozungulira banga la oyilo. Amayi anali m'nyumba. Ramla anali ataimbira kale kumudzi m'mawa, pafoni ya mphunzitsi wa kumeneko, kuti auze azakhali a Mwanaidi kuti mlongo wawo wapita ndipo thupi libwera, poti Sadiki ankati galimoto yatsala pang'ono.

A Shehe anamutengera Sadiki pambali pamodzi ndi akuluakulu awiri a pamzikiti. Anayankhula mofatsa. Thupi lisambitsidwa tsopano. Nanga ulendo wa kumudzi uli pati?

"Galimoto ikhala itatha Loweruka," anatero Sadiki. "Tikhoza kuwasunga kumotchale masiku awiri. Anthu amachita."

Akuluakuluwo anayang'ana pansi. A Shehe anakanda ndevu. "Mwanangu, ife timafulumira naye munthu. Ukudziwa. Bambo ako anyamula maliro ambiri ndi galimoto yomweyo, usana ndi usiku, kuti munthu asagone kunja tsiku lachiwiri. Koma ana ndinu. Kambiranani."

Ramla anaitanidwa, nabwera pakhomo atafunda mpango mpaka m'maso. Anamvetsera mchimwene wake akubwereza za Loweruka, za motchale, za dambo lomwe injini yatsopano ikanaliwoloka mosavuta.

"Sadiki," anatero, "Ababa akudikira iwe sabata ndi theka ali moyo. Usawadikiritsenso mufiriji."

Anawaika tsiku lomwelo itatha swala ya chakumadzulo ya Asr, kumanda a Asilamu a ku Liwonde, pakati pa anthu omwe ankagula nawo matemba. Sadiki anatsikira m'manda kukalandira thupi. Linali lopepuka kuposa mmene ankayembekezera. Ramla anayesa kuimbanso kumudzi kuti anene kuti zasintha, koma foni ya mphunzitsi uja inali itazima.

Loweruka masana a Pitala anatembenuza kiyi. Injini inadzuka nthawi yomweyo, popanda wokankha, n'kumalira motsitsa ngati mphaka wakhuta. A Pitala, amene nthawi zonse galimoto ikadzuka ankavina pabwalo, anangotseka boneti n'kupereka kiyi.

Lamlungu Sadiki ndi Ramla ananyamuka kupita kumudzi ndi thumba la mpunga ndi shuga za sadaka. Atafika pa dambo, Sadiki anatsika n'kumanga matayala akutsogolo kuti nawonso azikoka, nalowetsa giya yaing'ono. Lole ya feteleza ija inali pomwepo, itapendekeka. Kuluza inalowa m'matope mpaka m'zitseko, n'kumayenda osajejema, osatsokomola. Sadiki anayang'ana wotchi mosafuna. Anawoloka m'mphindi khumi ndi imodzi.

Azakhali a Mwanaidi anawalandira pabwalo. Anali mayi wamfupi, wa nkhope ya bambo awo yeniyeni. Uthenga woti maliro aikidwa ku Liwonde unawafika Lachisanu, ndi munthu wapanjinga. Komabe galimoto itaima, anapita kaye kumbuyo n'kusuzumira pazenera. Anaona thumba la mpunga. Kenako anakumbatira Ramla, nalira onse awiri.

Atakhala pamkeka n'kulonjerana, azakhaliwo anatembenukira kwa Sadiki.

"Iwe ndiye mwini galimoto tsopano?"

"Eya, azakhali."

"Ikuyenda bwino?"

"Ikuyenda bwino."

"Chabwino. Pali ntchito yako. Lachinayi titamva uthenga woyamba, amuna anapita kukakumba. Anamaliza dzuwa lili pamutu. Tinaphika, tinakhala pano kuyang'ana kumsewu mpaka kunada. Dzenje lija likadali chomwecho. Amuna akuti iwo anakumbira munthu, sangakwirire mphepo. Akwirire mwana wake."

Mkulu wina wa pamudzipo anamutsogolera, atanyamula khasu ndi fosholo. Manda anali kuseri kwa minda ya chinangwa, pansi pa mitengo ya masuku. Azakhali ndi Ramla anatsalira m'mphepete mwa munda, poti amayi salowa. Mkuluyo analoza mtumbira wakale wophwa, wozunguliridwa ndi miyala.

"Agogo anu ndi awa."

Pambali pake, motalikirana phazi limodzi, panali dzenjelo. Linali lokumbidwa mwaluso, makoma ake owongoka, ndi kachipinda kam'mbali koyang'ana ku Kibla, mbali ya ku Maka, komwe thupi likanagona. Mvula ya masiku atatu inali itathiramo madzi ofika m'mawondo. Pamwamba pa madziwo pankayandama masamba ndi chule mmodzi.

"Timaikamo chiyani?" anafunsa Sadiki.

"Muli ndi chiyani choti muikemo?"

Sadiki analibe. Anavula nsapato, napinda buluku, natsikira m'dzenjemo kukatulutsa chule uja ndi manja. Atakwera anatenga fosholo. Mkuluyo anakhala pamwala n'kumamuyang'ana, osathandiza, osanyoza. Dothi linali lolemera ndi madzi, lomata pafosholo, ndipo lililonse likagwa m'dzenje matope ankamuthovukira kumaso. Manja ake ozolowera choko anatuluka matuza asanafike pakati. Anapuma kawiri. Ulendo wachitatu sanapume, chifukwa anaona kuti azakhali ake akadali chiimire m'mphepete mwa chinangwa.

Dothi linatha dzenje lisanadzaze. Lina mvula inali italikokolola kupita nalo kumunda, ndipo m'katimo munalibe thupi loti litenge malo. Panatsala chigwa chofika m'akakolo, chachitali ngati munthu. Sadiki anapala pansi ndi fosholo mpaka anafika pa udzu.

"Mukasiya chonchi padzaima madzi," anatero mkuluyo. "Adzalowa kwa agogo anu."

"Lina ndikatenge kuti?"

Mkuluyo analoza chulu chomwe chinali patali ndithu, kupitirira mitengo ya masuku. Sadiki anatenga khasu, nabwereka dengu kwa azakhali ake, n'kuyamba kututa.